Chimene Chinatitengera ku Ngokwe

Ana anga, Agnesi, Pio ndi Lusiya, za ubwana wanga ndinakuuzani kale pakamwa, sindizilembanso. Pano ndikulemba za ntchito. Maso anga ayamba kuchita nkhungu, ndipo ndikalemba masamba awiri dzanja limachita dzanzi, choncho ndisankha zokhazo zimene simunazimve bwino. Munakulira ku Ngokwe, kutali ndi bambo anu, koma palibe tsiku limene ndinakhala nanu pansi n'kukuuzani chimene chinatitengera kumeneko. Nthawi imeneyo nkhani zotere sitinkauza ana, poopa kuti akazilankhula kusukulu. Pamene pakamwa panatseguka m'dziko muno, ine ndinali nditatopa kale.

Balaka, kumapeto kwa zaka za m'ma 1960

Nditamaliza kosi ya uphunzitsi ananditumiza pasukulu ina ya mishoni pafupi ndi njanji ku Balaka. Ndinafika ndi bokosi la malata, mphasa ndi madiresi atatu. Ahedi anali a Kamwendo, bambo wamfupi woyenda ndi wotchi m'thumba. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Mwanawe, wabwera kudzalembetsa sitandade chani?" Nditawapatsa kalata yanga sanapepese. Anangoloza ndi chibwano nati, "Sitandade 2. Ndi iyo pansi pa mtengopo." Ana anali ochuluka moti a kumbuyo sindinkawaona nkhope. Sitima ikalira, theka la kalasi linkadzuka kuthamangira ku siteshoni kukagulitsa nzimbe ndi mtedza kwa apaulendo. Ndinawakwapula sabata yoyamba, sabata yachiwiri, kenako ndinaona kuti ndikungotha ndodo. Ndinayamba kuphunzitsa masamu m'mawa sitima isanafike, nyimbo n'kumaimba ndi otsalawo. A Kamwendo ataona zimenezi anati, "Tsopano mwayamba kukhala mphunzitsi." Ndi mawu okhawo oyamikira amene ndinawamva kwa iwo m'zaka zisanu.

Bambo anu ndinawadziwira pomwepo. Anali kalaliki wa katundu pa siteshoni, ndipo anabwera kusukulu kudzadandaula kuti ana a m'kalasi mwanga akusewera panjanji. Anabwera kudzadandaula kachiwiri, kachitatu, mpaka a Kamwendo anawafunsa ngati vuto ndi ana kapena mphunzitsi wawo. Agnesi ndi Pio munabadwira ku Balaka.

Ulongwe, zaka za m'ma 1970

Anandisamutsira ku Ulongwe chifukwa kumeneko kunalibe mphunzitsi wamkazi wa makalasi akuluakulu. Bambo anu anatsala pa ntchito yawo ku Balaka, ankabwera panjinga Loweruka n'kubwerera Lamulungu. Tinapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri yofolera malata, chapafupi ndi msewu. Lusiya unabadwira m'nyumba imeneyo. Pa nyumba zonse za ntchito zimene ndinakhalamo, ndi yokhayo imene sinkadontha.

Ahedi anali a Likoswe, munthu wabwino mtima koma wamantha. Chilichonse chikachitika ankati, "Tisadziputire, amayi, tili ndi ana." Anandipatsa Sitandade 8. Mabuku a Chingerezi analipo ochepa, buku limodzi ana asanu, ena n'kumawerenga chozondoka. Choko chikatha tinkalembera makaka, chinangwa chouma chija. Bolodi ikayera tinkaipaka makala a m'mabatire akutha osakaniza ndi masamba a mbatata, manja n'kuda mpaka Lamulungu. Pamwamba pa izo panali za chipani. Aliyense ankayenera kukhala ndi khadi, ndipo ife amayi tinkakonzekera magule Lachiwiri ndi Lachinayi masana. Wapampando wa amayi anali Abiti Mdoka, mayi wa mawu aakulu amene ankagulitsa chimanga pamsika. Ndisanene bodza, kuvina sindinkadana nako. Mawu anga anali abwino, ndipo anandiika kutsogolo kuti ndiziyambitsa nyimbo. Ndikadakhala wa mzere wakumbuyo, mwina zimene ndikulembazi sizikadachitika.

Ulongwe, dzinja la chaka changa chachisanu ndi chimodzi

M'kalasi mwanga munali mtsikana dzina lake Patuma, mwana wa Che Amidu, telala amene ankasoka pakhonde la sitolo ina m'mbali mwa msewu. Patuma anayamba sukulu mochedwa, ali ndi zaka khumi, chifukwa ankalera azing'ono ake. Pofika mu Sitandade 8 anali wamtali kuposa ine. Sankalankhula kwambiri, koma funso limene lakanika anyamata onse ankaliyankha iye, motsitsa mawu ngati akupepesa. Zotsatira za mayeso zitatuluka, anakhoza bwino, koma pa mndandanda wa osankhidwa kupita ku sekondale dzina lake panalibe. Zinkachitika zimenezo. Malo anali ochepa, ndipo panalibe koti ukafunse. Kubwereza kalasi bambo ake anakana, ati mwanayo wakula, ndiponso kunali mnyamata wogulitsa nsomba amene anali atatumiza kale amalume ake kudzafunsira.

Kumayambiriro kwa Disembala a Likoswe anandiitana mu ofesi n'kundionetsa kalata. Inachokera kusukulu ina ya sekondale ya atsikana yoyendetsedwa ndi asisitere, kupitirira Balaka. Atsikana ena osankhidwa sanafike teremu yonse, choncho malo awo anali opanda eni. Mu Januwale kukhala mayeso apadera, Chingerezi, masamu ndi kufunsidwa pakamwa, ndipo sukulu iliyonse itumize mtsikana mmodzi. Sitinachite kukambirana kuti ndani.

Che Amidu ndinawapeza akusoka thalauza. Anaimitsa makina, anandipatsa mpando, namvetsera mpaka ndinamaliza.

"Aphunzitsi," anatero, "inu ndinu a Katolika, musakhumudwe nane. Koma ana athu akapita kwa asisitere amabwerako ali a Maliya."

"Iyayi, Che Amidu. Sakakamiza. Apita ali Patuma, abwera ali Patuma."

"Nanga nyama ya kumeneko amazinga ndani?"

"Nyama yake iti? Kumeneko n'nyemba kuyambira Lolemba mpaka Lolemba."

Anaseka pang'ono, kenako anayamba kupota ulusi pachala. "Chabwino, akalembe. Koma mumutenge nokha ndi dzanja lanu, mudzamubwezenso nokha pakhonde pano. Osati ahedi, osati munthu wina. Mukalephera inu, sapita."

"Ndalonjeza," ndinatero. Ndinanena msanga, ngati munthu amene akuvomera kubwereketsa khasu.

Tinali ndi masabata asanu ndi limodzi. M'mawa Patuma ankapita kumunda, ndipo cha m'ma thu koloko ankafika kwathu matope ali m'mapazi. Mayeso akale a sukulu imeneyo sindinawaonepo, ndinkangopeka mafunso m'mutu mwanga n'kuwalemba kumbuyo kwa mapepala otha ntchito amene bambo anu ankanditolera ku siteshoni. Sabata yoyamba ndinapeza chimene chinamugwetsa. Mwanayo ankadziwa zonse, koma ankalemba ngati akusoka diresi la ukwati. Chilembo chikapindika pang'ono ankafufuta n'kuyambiranso. Ndinabwereka wotchi yolira ya a Likoswe n'kuiika patsogolo pake. Ikalira, ndinkamulanda pepala ngakhale ali pakati pa mawu. Tsiku loyamba anamaliza masamu anayi mwa khumi, onse anayi okhoza.

"Patuma, kumeneko sakaona kukongola kwa zilembo. Akawerenga zimene wamaliza."

"Koma zikuoneka zauve, aphunzitsi."

"Zauve zokhoza. Yambiranso."

Analira kamodzi kokha, sabata yachitatu, nditang'amba pepala lake pamaso pake. Sindinamutonthoze. Ndinangotchera wotchi. Lero ndikakumbukira ndimaona kuti ndinali wankhanza, koma nthawi inalibe chisoni nafe. Chingerezi chake cholemba chinali chabwino, vuto linali zinthu zimene sanazionepo. Ndinamuuza kuti alembe chimangirizo cha ulendo wa pasitima, iye n'kulemba kuti sitima inaima pamene munthu wina anaikodola ndi dzanja, ngati basi. Anali asanakwerepo sitima, ngakhale kuiona kumene.

Chovuta kwambiri chinali kumuphunzitsa kuyankha munthu wamkulu ataimirira. Ndikangomufunsa funso, maondo ankapinda okha, maso pansi, mawu osamveka. Ndinkakhala pampando n'kudziyesa sisitere wachizungu, iye n'kumagogoda, kulowa, kuima chilili ndi kundiyang'ana kumaso. Tinabwereza mwina kakhumi pa tsiku. Tsiku lina anakayeserera kwawo, ndipo m'mawa mwake Che Amidu anandiimitsa pamsewu.

"Aphunzitsi, mukundiphunzitsira mwana mwano? Dzulo wandipatsa madzi ali chiimire, maso ali dwii pa ine."

"Kwa azungu, Che Amidu, munthu woyang'ana pansi amati ndi wabodza."

"Dziko lawolo n'lozondoka," anatero. "Aziima kumeneko. Akafika pakhomo panga azigwada."

Masiku amenewo ndinkagona ngati mtembo. Sukulu itatsegulidwa ndinali ndi kalasi m'mawa, Patuma masana, magule Lachiwiri ndi Lachinayi. Munda wathu unalowa tchire. Agnesi, unali mu Sitandade 5, ndiwe unkaphika ndi kubereka Lusiya. Homuweki yako sindinaiyang'ane ngakhale kamodzi m'masabata amenewo. Ndinkadziuza kuti nthawi yako idzafika.

Kutatsala sabata imodzi, Abiti Mdoka analengeza pabwalo kuti Mtsogoleri wa dziko akubwera kudzayendera mbewu m'boma lathu. Lole idzatitenga Lachisanu m'mawa, tikagona konko, tikavina Loweruka. Mayeso a Patuma anali Loweruka lomwelo.

Ndinayamba kwa Che Amidu, kuwapempha kuti alole ahedi kapena bambo anu amuperekeze. Anapukusa mutu. "Mayi ake anavomera chifukwa cha dzina lanu. Mtsikana wamkulu chonchi sangayende ndi mwamuna wa eni n'kukagona kunja. Anthu a kumzikiti ndikawauza chiyani?" Ndinapita kwa Abiti Mdoka. Sanandikalipire. Anapitiriza kuyeza chimanga m'mbale akulankhula. "Nanga nyimbo ayambitsa ndani, aphunzitsi? Ine ndimangolemba mayina a obwera ndi osabwera. Pepalalo likapita kumtunda si langanso. Mwandimva?" Ndinamva.

Bambo anu nditawauza anakhala nthawi yaitali akupukuta unyolo wa njinga. Kenako anati, "Amake Agnesi, anthu akusowa m'dziko muno pa zifukwa zochepa kuposa izi. Ife pa siteshoni timaona. Uyu ndi mwana wa eni."

"Ndinalonjeza."

"Nanga atatu awa munawalonjeza chiyani?"

Ndikufuna mudziwe kuti bambo anu anandichenjeza, ndipo sanalakwe. Sindinasankhe chifukwa cholimba mtima. Ndinangolephera kuganiza mmene ndingapitire kukauza mtsikana uja, amene tsopano ankamaliza masamu khumi wotchi isanalire, kuti abwerere kumunda chifukwa ine ndikukavina.

Lachisanu ndi Loweruka lija

A Likoswe anandipangira nzeru. Anati ndinyamuke ndi basi yoyamba, iwo akauza amayi kuti ndadwala malungo. Koma kunagwa mvula, basi inachedwa. Tinaima pa siteji ine ndi Patuma, titafunda chitenje chimodzi, mpaka dzuwa linakwera. Imene inayamba kufika inali lole. Inaima pomwepo, patsogolo pathu, kudikira amayi ena ochokera kumsika. Onse anali atavala nsalu ya chipani, akuimba, ndipo atandiona nyimbo inazima pang'onopang'ono. Palibe anandiitana. Abiti Mdoka anandiyang'ana ali kutsogolo, kenako anayang'ana kumbali. Lole itanyamuka Patuma anati, "Aphunzitsi, tibwerere." Ndinamuuza kuti andiwerengere teburo ya naini.

Tinagona ku Balaka kwa mnzanga wina wa pasukulu yanga yakale. Madzulo ndinapita naye ku siteshoni kuti aone sitima. Anaima patali, atagwira dzanja langa ngati kamwana. Loweruka tinayenda wapansi mpaka kusukuluko. Atsikana anali odzaza bwalo, ambiri ovala nsapato, ena obwera pagalimoto ndi abambo awo. Patuma anali ndi diresi latsopano losoka bambo ake, ndi masilipasi anga. Ndinakhala pakhonde la kalasi ina maola anayi, mvula ikugwa. Ndinayesa kupemphera kolona koma maganizo anali pa lole ija. Atatuluka ndinamufunsa kuti zayenda bwanji.

"Ndamaliza onse, aphunzitsi. Koma lomaliza ndalemba ngati papalasa nkhuku."

"Nanga sisitere?"

"Ndinamuyang'ana. Maso ake ngati a mphaka."

Lamulungu ndinamufikitsa pakhonde la bambo ake monga ndinalonjezera. Anagwada. Che Amidu anathokoza m'Chiyao, "Sikomo kwejinji," napitiriza kusoka.

Lachitatu anandiitana ku boma. M'chipindamo munali amuna atatu, mmodzi wa ofesi ya maphunziro, awiri a chipani. Sanandipatse mpando. Wamkulu wawo anafunsa mofatsa, ngati akufunsa njira, "Mayi, tiuzeni. Mwana wa telala ndi Mtsogoleri wa dziko, wamkulu ndani?" Ine amene ndinatha masabata asanu ndi limodzi kuphunzitsa mwana kuima chilili, ndinagwada pasimenti. Ndinapepesa. Anandipatsa pepala kuti ndilembe kuti ndinalakwa ndipo sindidzabwerezanso, ndinalemba. Anandisunga pabenchi panja mpaka madzulo, kenako anati ndizipita, ndidzamva. Patapita zaka zambiri ndi pamene ndinadziwa chimene chinandipulumutsa ku ndende. A Likoswe, amantha aja, anali atalemba kalata yonena kuti ananditumiza ndi iwo pa ntchito ya sukulu. Anawatsitsa pa uhedi chaka chomwecho. Sanandiuzepo, ndipo anamwalira ndisanawathokoze.

Kalata yanga inafika Lolemba. Ndinapatsidwa masiku asanu ndi awiri kuti ndikhale nditafika ku Ngokwe.

Ngokwe, zaka zisanu ndi zinayi

Tinayenda masiku awiri pa lole ya katundu, ikutitimira m'matope, ife n'kumatsika kukankha. Chimanga chathu cha ku Ulongwe tinachisiya chili m'munda. Nyumba imene tinapatsidwa inali ya udzu, ndipo mvula ikabwera tinkasuntha mphasa kufuna pouma. Pio, malungo amene anatsala pang'ono kukutenga unadwalira m'menemo, ndinakubereka kumbuyo mtunda wautali kufuna chipatala. Bambo anu ankabwera kamodzi pa miyezi itatu, nthawi zina osabwera. Sanandikumbutsepo mawu awo aja. Nthawi ya thonje ana ankasowa m'kalasi mwezi wathunthu. Anthu a ku Ngokwe anatisunga bwino, ankatigawira ufa ndi nsomba, sindingawanenere zoipa. Chaka chilichonse ndinkalemba kalata yopempha kuti andisamutsire kufupi ndi mwamuna wanga. Yankho silinkabwera.

Patatha miyezi iwiri chifikire, ndikuweruka kusukulu ndinapeza bambo atakhala pakhonde pathu, fumbi lili thupi lonse. Anali Che Amidu. Anayenda pa malole atatu. Anatulutsa kalata m'thumba la mkanjo wawo, yopindidwa mu kansalu. Anali atawerengeredwa kale, koma ankafuna ndiione ndi maso anga. Patuma anamutenga kusukulu ya asisitere ija.

"Ndinakamusiya ndekha," anatero. "Ndinaona ndi pogona pake. Zoona, n'nyemba."

Anabweretsanso malaya atatu a inu, osokedwa popanda kukuyezani, ndipo onse anakukwanani. Kenako anayang'ana denga, anayang'ana mabeseni amene tinkatchera madzi odontha.

"Aphunzitsi, ndikadadziwa kuti zifika apa, ndikadalola ahedi."

"Zachitika, Che Amidu," ndinatero.

Ndinkayembekeza kuti tsiku limenelo ndidzasangalala mpaka kulira. Sizinatero. Ndinamva ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni n'kupeza kuti khosi likupwetekabe. Patuma anamaliza sukulu, anakhala namwino, ndipo anakhalabe Patuma. Anandilembera kawiri. Pa maliro a bambo anu anabwera, munamuona, mayi wamtali uja amene anakhala pambali panga.

Chotsala ndi chako, Agnesi. Unalemba Sitandade 8 ku Ngokwe, pasukulu imene kalasi yonse inali ndi mabuku atatu a masamu. Ndinakuphunzitsa mmene ndikadathera, koma mphamvu zija ndinalibenso. Unakhoza, sunasankhidwe. Unabwereza, unakhozanso, sunasankhidwe. Makalata a mayeso apadera ngati aja ku Ngokwe sankafika, kapena ankafika tsiku litadutsa. Chaka chachiwiricho, tsiku limene tinamva zotsatira, tinali kumunda tikutola thonje, iwe mzere wako, ine wanga. Unalankhula osandiyang'ana.

"Amayi, nanga ine mudzandiperekeza liti?"

Ndinawerama n'kupitiriza kutola. Unadikira pang'ono, kenako nawenso unapitiriza. Sunafunsenso, mpaka unakwatiwa, mpaka lero uli ndi zidzukulu. Mwina unaganiza kuti mphepo inatenga mawu ako. Iyayi, mwana wanga. Ndinamva bwinobwino. Ndinanamizira kusamva chifukwa ndinalibe choyankha, ndipo ndafufuza zaka zonsezi, sindinachipezebe. Ndalemba izi kuti udziwe kuti ndinamva.